Wodzitcha msilikali wakale akupempha thandizo kumpingo kwathu: kodi lamulo likuti chiyani?

Funso: Ndimakhala ku Texas, m'dziko la America, ndipo ndine msungichuma wa kampingo kathu komwe timasonkhana Amalawi ndi abale ochokera m'maiko oyandikana nafe. Chaka chatha kudabwera bambo wina amene amati adali msilikali wa dziko lino, adamenya nkhondo ku Iraq, ndipo adavulala mpaka kulandira mendulo ya Purple Heart. Tsiku lina adatiuzanso kuti atachoka ku usilikali adagwirako ntchito yozimitsa moto. Pano apempha kuti tiwasonkhere ndalama zakuchipatala. Mwana wanga ali ku usilikali, ndipo atacheza nawo adandinong'oneza kuti nkhani zawo sizikugwirizana. Kodi kunama kuti udali msilikali ndi mlandu? Tikanene kupolisi?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba la mpingo, chifukwa nkhani yonse yagona pa ndalamazo. Ku America munthu akangodzitama pakamwa kuti adali msilikali pomwe sadaponde n'komwe kubalaki, lamulo la dziko lonse silimugwira. Koma bodza lomwelo akalisandutsa mbale yopemphera, kuti alandire ndalama, katundu, ntchito kapena thandizo lina looneka, wapalamula. Bambo mukunenawa, ngati akunamadi, chaka chonse chathachi amangodzichemerera. Tsiku limene adapempha msonkhamsonkha m'dzina la mabala a nkhondo ndi pamene adalowa m'bwalo la lamulo.

Malire amenewa sadabwere okha. Adajambulidwa ndi mlandu wa munthu mmodzi wabodza losaneneka, dzina lake Xavier Alvarez. Mkuluyu adasankhidwa kukhala m'bodi yoyang'anira za madzi ya Three Valleys, ku Claremont m'boma la California. M'chaka cha 2007, pamsonkhano wa bodiyo, atapatsidwa mpata wodzidziwitsa, adauza anthu kuti adatumikira zaka 25 m'gulu la asilikali a Marines, kuti adavulazidwa kambirimbiri, ndiponso kuti mu 1987 adalandira Medal of Honor. Imeneyi ndi mendulo yapamwamba kuposa zonse ku usilikali wa America. Chiyambire nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1860, oilandira angopitirira pang'ono 3,500, ndipo mazana angapo mwa iwo adaipatsidwa ali m'manda. Alvarez sadakhalepo msilikali ngakhale tsiku limodzi. Ndi munthu yemweyo amene ankauza anthu kuti adasewerapo mu timu ya masewera a hockey ya Detroit Red Wings komanso kuti adakwatira katswiri wa mafilimu wa ku Mexico. Zonsezo zidali nkhambakamwa.

Pa nthawiyo kudali lamulo latsopano lotchedwa Stolen Valor Act, limene Pulezidenti George W. Bush adasainira mu Disembala 2006. Dzinalo likutanthauza kuba ulemu wa ngwazi. Lamulolo linkati kungonena kapena kulemba monama kuti udalandira mendulo ya usilikali ndi mlandu, chilango chake miyezi isanu ndi umodzi kundende, ndipo pa mamendulo apamwamba chimafika chaka chathunthu. Silinkafunsa ngati wonamayo wapindulapo kanthu kapena ngati wina wavulala nalo bodzalo. Alvarez adavomera mlandu, namulipiritsa chindapusa cha madola 5,000 ndi kumuika pa chilango chogwirira kunja kwa zaka zitatu, koma adachita apilo ponena kuti lamulolo likuphwanya ufulu wolankhula umene uli m'malamulo oyendetsera dziko.

Pa 28 Juni 2012 bwalo lalikulu kwambiri la milandu ku America lidagwirizana naye, oweruza asanu ndi mmodzi kutsutsana ndi atatu. Woweruza Anthony Kennedy sadamuikire kumbuyo Alvarez, adanena mosapsatira kuti kunama chidali chizolowezi chake. Mfundo yake idali yakuti boma likapatsidwa mphamvu yomanga munthu chifukwa chongonena zabodza, popanda kuba kapena kuvulaza wina, mphamvuyo ilibe polekezera. Lero ndi mendulo, mawa boma lidzalemba mndandanda wa nkhani zina zimene munthu sayenera kulakwitsa pozinena, ngakhale akucheza m'nyumba mwake. Adatinso mankhwala a mawu abodza ndi mawu oona, ndipo adaloza njira yapafupi: boma lingotulutsa mayina a anthu amene adalandiradi mamendulo kuti aliyense azitha kufufuza. Pasanathe mwezi, unduna wa zachitetezo udatsegula tsamba la pa intaneti la mayina a olandira mamendulo apamwamba. Woweruza Samuel Alito, pamodzi ndi Antonin Scalia ndi Clarence Thomas, adatsutsa. Iwo ankaona kuti mabodza oterewa amatsitsa ulemu wa mendulo ndipo amapweteka mabanja a asilikali enieni.

Pamenepa ndikuuzeni pomwe ndaima ine. Ululu umene Alito ankanena ndi weniweni, ndipo aliyense amene adaikapo m'bale wake m'bokosi lokutidwa ndi mbendera akuudziwa. Ife Amalawi tili ndi chitsanzo chathu. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni m'dziko la Congo, msilikali wathu Chancy Chitete adatuluka pomwe adabisala zipolopolo zikuvumba ngati matalala, kukakoka msilikali wa ku Tanzania yemwe adavulala. Mnzakeyo adapulumuka, Chitete adaomberedwa nafa. Mu Meyi 2019 bungwe la United Nations lidapereka kwa banja lake mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ya kulimba mtima kwapadera. Tangoganizani wina atakhala pamowa n'kumauza anthu kuti adakoka Mtanzaniayo ndi iye. Mtima umawira. Komabe ndikaunika bwino, ndimaona kuti Kennedy adalasa. Ife amene tidakula m'dziko momwe munthu ankatha kukagona ku Mikuyu chifukwa cha mawu olankhula pocheza, tikudziwa zimene zimachitika boma likayamba kuyeza mawu a anthu pa sikelo yake. Wodzitama amuchititse manyazi ndi anthu amene akudziwa zoona. Wakuba ndiye wa apolisi.

Nyumba ya malamulo idamva chigamulocho ndipo idalemba lamulo lina, limene Pulezidenti Barack Obama adasainira pa 3 Juni 2013. Ndilo likugwira ntchito lero. Likuti munthu amene mwachinyengo adzitcha wolandira mendulo, n'cholinga chopeza ndalama, katundu kapena phindu lina looneka, alipitsidwe chindapusa kapena akhale kundende mpaka chaka chimodzi, mwinanso zonse ziwiri. Pali zinthu ziwiri zoti muzigwire bwino. Choyamba, mawu akuti cholinga. Sipafunika kuti ndalama zikhale zitalowa kale m'thumba mwake, kupempha kokha m'dzina la mendulo yabodza n'kokwanira. Chachiwiri, lamuloli silikhudza mendulo iliyonse, komanso silikhudza kungonena kuti ndidali msilikali. Lidatchula mamendulo ake: Medal of Honor, mitanda yapamwamba ya magulu ankhondo monga Navy Cross, Silver Star, mabaji a amene adalowadi m'nkhondo yeniyeni, ndi Purple Heart. Yomalizayi ndi imene bambo anuwo akunena. Ndi kamendulo kooneka ngati mtima, ka mtundu wa pepo, kozunguliridwa ndi mkombero wagolide, pakati pali nkhope ya George Washington, pulezidenti woyamba wa America. Amapatsa msilikali amene wavulazidwa kapena kuphedwa ndi adani. Siibwera chifukwa cha mayeso kapena zaka za utumiki. Mtengo wake ndi magazi, n'chifukwa chake anthu akaiona mitima imafewa ndipo zikwama zimatseguka.

Poti muli ku Texas, pali lamulo lina lokuyandikirani kwambiri. Gawo 32.54 la malamulo a milandu a boma la Texas limaletsa kugwiritsa ntchito mbiri ya usilikali yabodza kapena yopeka pofuna kupeza mwayi wa ntchito wosungidwira asilikali akale, laisensi, malo a sukulu, kapena thandizo ndi chopereka kuchokera kwa munthu wina. Limeneli ndi lotambalala kuposa la dziko lonse, chifukwa silidikira kuti munthu atchule mendulo. Kunama za utumiki wenewenewo kuti apatsidwe chopereka n'kokwanira, ndipo chilango chimatha kufika masiku 180 kundende ndi chindapusa cha madola 2,000. Msonkhamsonkha wa kumpingo kwanu ukulowa bwinobwino m'mawu akuti chopereka.

Zilango zimenezi zikuoneka zochepa, ndipo n'zochepadi. Amene amakhalitsa kundende amapita chifukwa cha milandu ya chinyengo imene imayenda limodzi ndi bodzalo. Chitsanzo chomvetsa chisoni ndi cha Sarah Cavanaugh wa ku Rhode Island. Mayiyu ankagwira ntchito yothandiza odwala pachipatala cha asilikali akale. Adatenga zikalata za msilikali weniweni ndi za wodwala khansa weniweni, n'kuzisintha kuti zioneke ngati zake. Kwa zaka zingapo ankadzitcha msilikali wa Marines wovulala ndi bomba ku Iraq, wodwala khansa, wa Purple Heart. Adafika mpaka pokhala mtsogoleri wa nthambi ya bungwe la asilikali akale m'dera lake. Adalandira thandizo loposa madola 250,000 kuchokera ku mabungwe ndi anthu achifundo. Mu Malichi 2023 khoti lidamugamula miyezi 70 kundende, pafupifupi zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zambiri pamenepo zidachokera pa kuba mwachinyengo ndi kugwiritsa ntchito zikalata za anthu ena. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti ndalama iliyonse imene iye adalandira idachoka pakamwa pa wodwala weniweni, ndipo mabungwe amene adapusitsidwa adayamba kukayikira aliyense wogogoda pakhomo pawo.

Tsopano za ozimitsa moto. Apa lamulo limaganiza mosiyana pang'ono, ndipo anthu ambiri amasokoneza. Kunena pocheza kuti kale ndidali wozimitsa moto kuli ngati kudzitama kwa Alvarez: n'konyansa koma sikumangitsa, pokhapokha pakhale kupempha ndalama. Chimene lamulo limadana nacho kwambiri ndi kudzionetsa ngati wozimitsa moto, wapolisi kapena wa ambulansi lero lino, n'kumachita zinthu mwa udindowo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wa yunifolomu akagogoda usiku n'kunena kuti tulukani, nyumba yoyandikana ikupsa, mumatuluka osafunsa chiphaso. Akakuuzani kuti mpatseni mwanayo, mumapereka. Anthu akasiya kukhulupirira yunifolomu, tsiku la ngozi yeniyeni adzazengereza, ndipo mphindi ziwiri m'nyumba yodzaza utsi ndi imfa. Ku Texas kudzionetsa ngati wogwira ntchito m'boma kuti anthu akumvere kapena akudalire ndi mlandu waukulu pansi pa gawo 37.11, wa zaka ziwiri mpaka khumi. Mu Januwale 2025, moto wolusa utasakaza dera la Pacific Palisades ku Los Angeles, apolisi adagwira mwamuna ndi mkazi ochokera ku Oregon atavala zovala za ozimitsa moto, ali m'galimoto yozimitsira moto imene idagulidwa pa okushoni, akufuna kulowa m'dera limene anthu adasamutsidwa. Ankati ndi a nthambi ya ozimitsa moto imene kulibeko. Kumbuyo kwa malire amenewo kudali nyumba zosiyidwa ndi katundu yense. Bambo anuwo sadafike pamenepo. Koma mukadzawaona akuika magetsi othwanima pagalimoto pawo, kapena akuthamangira kukagwira wodwala amene wakomoka mumpingo ponena kuti ndi ntchito yawo, imeneyo si nkhani yodikira komiti.

Maiko ena amaika malire mosiyana, ndipo nditchuleko mwachidule poti abale athu ali ponseponse. Ku Britain kudali gawo la lamulo la asilikali la 1955 loletsa kuvala mamendulo osakhala ako, koma lidachotsedwa mu 2009. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho bambo wina adaguba pamwambo wokumbukira asilikali ku Bedworth atadzikoleka mamendulo 17 osakhala ake. Adavomera mlandu, kenako zidadziwika kuti lamulo adamuzenga nalo lidali litafafanizidwa patangotsala masiku owerengeka kuti agube, ndipo mlandu udathera pomwepo. Phungu Gareth Johnson adayesa kubwezeretsa chiletsocho mu 2016 koma bilu yake siidadutse. Lero kumeneko amadalira lamulo la chinyengo la 2006, lomwe chilango chake chimafika zaka khumi. Canada ndi Australia ndi okhwimirapo: kungovala mendulo yosakhala yako mopusitsa anthu ndi mlandu. Kwathu ku Malawi, gawo 99 la malamulo a milandu limalanga wonamizira kukhala wogwira ntchito m'boma, ndipo gawo 319 limalanga wopeza ndalama kapena katundu mwachinyengo. Awa ndi magawo amene amagwira anthu aja odzitcha mabwana a ku usilikali, otolera ndalama kwa makolo powalonjeza kuti ana awo alembedwa ntchito. Ku Zimbabwe nako, thumba lolipira ovulala pankhondo ya ufulu lidasololedwa ndi anthu okokomeza kapena kupeka mabala, mpaka mu 1997 boma lidakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza Godfrey Chidyausiku. Kulikonse komwe boma kapena anthu aika mbale ya ngwazi, pamabwera manja osayenera.

Tibwerere kumpingo kwanu. Musathamangire kupolisi, ndipo chonde musalole achinyamata kuwajambula pafoni akuwapanikiza ndi mafunso kuti akaike pa Facebook. Makanema oterewa ndi ambiri ku America, ndipo ena mwa anthu amene adachititsidwa manyazi adapezeka kuti adali asilikali enieni. Mawu a mwana wanu ndi olemera, koma si umboni. Usilikali wa America ndi waukulu, nthambi zake zimasiyana mayankhulidwe, ndipo wa lero sangadziwe zonse za mu 2004. Komanso munthu amene bomba lidamugwedeza mutu amatha kusokoneza zaka, malo ndi mayina a magulu. Ena amasintha nkhani dala chifukwa yeniyeniyo sangathe kuikamba. Kusakhala mbadwa ya America nakonso si chizindikiro cha bodza, poti anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika amaloledwa kulowa usilikali. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukawatchula wabodza pagulu kenako n'kupezeka kuti adakhetsadi magazi ku Iraq, mudzakhala mwapha munthu kawiri, ndipo akhoza kukusumirani chifukwa chowaipitsira mbiri.

Njira yabwino ili m'manja mwanu kale, monga msungichuma. Komiti igwirizane mfundo yakuti aliyense wopempha thandizo lalikulu azibweretsa chikalata, kaya ndi wamaliro, wa fizi kapena wachipatala, kuti pasaoneke ngati mukusaka munthu mmodzi. Ndiye abusa ndi mkulu wampingo mmodzi akhale nawo pansi paokha, n'kuwapempha fomu yotchedwa DD-214. Msilikali aliyense wa America amene adali pa utumiki wa nthawi zonse kapena adatumizidwa kunkhondo amaipatsidwa pochoka ku utumiki, ndipo amaisunga ngati mtima wake chifukwa ndi kiyi wa penshoni, chipatala, ngongole ya nyumba ndi sukulu. Ndi pepala la timabokosi. Muli dzina, nthambi, tsiku lolowa ndi lotuluka. Bokosi la nambala 13 ndi la mamendulo, ndipo ngati Purple Heart ilipo, imayenera kulembedwa mmenemo. Msilikali weniweni sadabwa akafunsidwa pepalali, waliwonetsapo kambirimbiri m'maofesi. Ngati lidatayika, amatha kuitanitsa lina kwaulere ku National Personnel Records Center mumzinda wa St. Louis. Mudzamvanso ena akunena kuti mafayilo awo adapsa. Moto udabukadi kumeneko pa 12 Julaye 1973 ndipo udawononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni, koma adali a asilikali amene adachoka ku utumiki kalekale moto usanabuke. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 idabwera patatha zaka 30. Wina wa m'badwo umenewo akakuuzani kuti fayilo yake idapsa mu 1973, mwapeza yankho lanu. Enanso amati ntchito yawo idali yachinsinsi choncho palibe chikalata. Zochitika zina zimabisidwadi, koma kuti munthu adali msilikali, kuyambira liti mpaka liti, sikubisidwa. Ngakhale inu, osakhala wachibale, mungathe kulembera ku St. Louis pogwiritsa ntchito fomu ya SF-180, ndipo adzakuuzani zochepa zimene lamulo limalola anthu wamba kudziwa, monga nthambi, zaka za utumiki, udindo ndi mamendulo. Yankho limatenga nthawi, choncho ndalama zidikire.

Palinso funso lachifundo limene limaulula zambiri popanda kukhumudwitsa munthu. Afunseni ngati adalembetsa ku unduna woona za asilikali akale, umene anthu amangoutcha VA. Wolandira Purple Heart amaikidwa m'gulu la otsogola pa chithandizo cha kuchipatala cha undunawu. Ngati ndi weniweni ndipo sadalembetse, mudzakhala mwawathandiza koposa msonkhamsonkha wa Lamulungu limodzi, ndipo mwana wanu akhoza kuwaperekeza kuofesi. Maboma aang'ono ambiri ku Texas ali ndi wogwira ntchito wothandiza asilikali akale kudzaza mafomu kwaulere. Ngati ayamba kuzembazemba, kukwiya, kapena kusowa milungu itatu, komiti idzaona yokha.

Zikadzapezeka kuti n'zabodza koma ndalama simudapereke, nkhani yagona pa inu akuluakulu a mpingo. Mungawadzudzule, kuwaletsa kupempha m'dzina la usilikali, ndi kuchenjeza mipingo inzanu mwakachetechete, chifukwa anthu otere sakhala pampingo umodzi. N'kuthekanso kuti akudwaladi ndipo adapeka usilikaliwo poganiza kuti popanda mendulo palibe angawamvere chisoni. Ngati ndi choncho, mpingo ungathandize matendawo polipira bilu yeniyeni molunjika kuchipatala, osati m'manja mwawo. Koma ngati alandira kale ndalama kwa akhristu ena paokhapaokha, kapena abweretsa DD-214 yosinthidwa, imeneyo yaposa nkhani ya kuvestile. Kupanga kapena kusintha chikalata chotulukira ku usilikali ndi mlandu wina pawokha pansi pa malamulo a dziko lonse. Sungani mauthenga onse a pa WhatsApp, makalata opempha, malisiti ndi mayina a amene adapereka, mulembe masiku ndi ndalama zake, kenako mukanene kupolisi ya mzinda wanu. Ngati mukuona kuti akulandiranso thandizo la boma la asilikali akale monama, ofesi ya Inspector General ya ku VA imalandira madandaulo oterewa pafoni ndi pa intaneti, ndipo mungapemphe kuti dzina lanu lisungidwe mwachinsinsi.